Chitsulo Chikatentha Chimafuna Malo

Tiyamike, mwana wanga,

Usadabwe kuona zilembo zikuluzikulu ngati za mwana wa sitandade wani. Ndi maso angawa. Ndakhala panja pa galaja, pa chitayala chija amakhalira makasitomala, dzuwa likadali pamutu, chifukwa kukangoyamba kuda cholembera ndi pepala zimasanduka chinthu chimodzi. Ndasankha kulemba poti ine ndi iwe tikamayankhulana pakamwa sitifika patali. Iwe umakweza mawu, ine ndimakweza kuposa pamenepo, amayi ako n'kutuluka kukaona nkhuku. Pepala silidula munthu mawu, ndiye uwerenge mpaka kumapeto.

Dzulo unamasula chikwama chako, zovala n'kuzibwezera pa chingwe. Unauza amayi ako kuti, "Sindipita. Ndisiye bambo akuchita khungu, chipatala akukana, ine ndizikaphunzira za ndege? Ndikhala, ndizigwira ntchito pa galaja m'malo mwawo." Unkauza amayi ako, koma unakweza mawu dala kuti ine ndimve. Ndamva, ndipo yankho langa ndi ili: mawa ukwera minibasi ya ku Blantyre, mkuja ukwera ndege pa Chileka. Sukulu ya amakaniko a ndege ku Kenyako inalemba momveka kuti ukapanda kufika Lolemba, malo ako apatsa wina. Malo amenewo unawavutikira zaka zitatu, ukuwerenga manja ali akuda ndi girizi. Sindilola kuti atayike chifukwa cha ine.

Ukukumbuka chithunzi chomwe unandionetsa pa foni mwezi watha? Unachikulitsa mpaka maso angawa anachigwira. Unati ndi kumbuyo kwa injini ya ndege, kumene moto umatulukira. Unandilozera mbali ziwiri zolumikizana, ina yachitsulo, ina yopangidwa ndi zinthu zangati dothi lowotcha koma lolimba zedi, ndipo unati ziwirizi zikatentha sizikula mofanana. Pakati pake panali tizitsulo topindika tondandalika mozungulira, tina ta mabowo ataliatali. Unati, "Bambo, taonani, sanawotcherere. Angogwirizitsa ndi timeneti kuti mbali iliyonse izikula payokha." Unkaganiza kuti ukundiuza zachilendo. Ndinangoti "oho" n'kubwerera ku ntchito, iwe n'kukhumudwa. Sikuti sindinamve ayi, mwana wanga. Ndinachita manyazi, chifukwa zomwe azungu ajambula pachithunzipo ine ndinaziphunzira pa manja a munthu wina.

Unali khanda kumsana kwa amayi ako pamene a Joakimu anaimika thiraki yawo pano. Anali dalaivala wa ku Tete, atanyamula tiyi wopita ku Beira, akudikira mapepala pa boda. Ekizozi yawo inkabangula moti agalu a mbali ino onse anathawa. Nditalowa pansi ndinapeza kuti yang'ambika fulekisi, kapaipi kafupi kamakwinya kaja, kokutidwa ndi mawaya olukana ngati dengu, kamene kamakhala pakati pa injini ndi paipi yaitali. Yatsopano kunalibe ku Mwanza kuno, inali yoitanitsa ku Limbe, masiku awiri. A Joakimu, omwe bwana ankamuti patrau monga amanenera kwawo, anati, "Patrau, ine ndidikira, mapepala anga sanatuluke." Koma nthawi imeneyo ndinali nditangogula makina anga owotcherera, mutu uli ukulu. Ndinati, "Kudikira chiyani, a Joakimu? Kanthu kofewa aka ndi kamene kamakuvutitsani. Ndikuikirani chitsulo chenicheni, simudzabweranso." Ndinadula fulekisi ija n'kuitaya kudzala. Pamalo pake ndinaikapo chidutswa cha paipi ya mjigo, chochindikala, n'kuwotcherera uku ndi uku. Mzere wake unali wosalala ngati wosoka pa makina. Ndinamenya ndi hamala, ndinalendewerapo thupi lonse, osagwedera. Madalaivala omwe ankaonerera anandiombera m'manja.

Pali chimodzi chomwe sindinauzepo munthu, ndipo lero ndikuuza iwe. Titaliza injini kuti tiyese, ndinaona injini ikugwedezeka monga imachitira, koma tsopano ikukoka paipi yonse mpaka kumbuyo. Titazimitsa ndinamva chitsulo chikulira kuti ti, ti, ti, mokweza kuposa momwe chimalirira chikamazizira. Mtima unandiuza kuti pali chalakwika. Koma anthu anali atandiombera kale m'manja, ndiye ndikanayamba bwanji kunena kuti dikirani, ndiphwasule? Ndinapukuta manja n'kuwatsanzika.

A Joakimu anabweranso tsiku lachinayi, atakwera thiraki ya mnzawo. Manja onse awiri anali m'mabandeji, kathumba atakapanira kukhwapa. Atadutsa Zobwe, pa zitunda zija kukutentha, paipi inathyoka pafupi ndi injini. Mpweya wamoto unalunjika pa mawaya ndi timapaipi ta mabuleki, pansi pa mpando wawo n'kuyaka. Anazimitsa ndi mchenga, bulangete, ndi manja awo. Sanandilalatire, ndipo ndikanakonda akanatero. Anangokhuthula kathumba kaja pa tebulo langa, chidutswa cha paipi n'kugwa, iwo n'kunena kuti, "Patrau, munati sindidzabweranso. Ndabwera." Zala ziwiri za kudzanja lawo lamanja sizinawongokenso. Ndi bambo aja amabwera nthawi ya manachesi n'kukupatsa moni ndi dzanja lamanzere, iwe uli mwana n'kumadabwa kuti munthu wamkulu alibe mwambo. Mwambo ali nawo, dzanja ndinawalanda ndine.

Tsiku lomwelo malemu a Kachingwe, makaniko wamkulu yemwe anali ndi galaja pafupi ndi msika, anadzaona chidutswa chija. Anachitembenuza kawiri n'kunena kuti, "Weledi yako, pomwe unawotchererapa, sinathyoke. Ndiye vuto lakelo. Chathyoka ndi choyandikana nayo." Ndinayamba kuwiringula kuti mwina chitsulo chinali chakale. Anati ndibwere m'mawa. M'mawa anandilowetsa pansi pa thiraki yomwe inagona yozizira, n'kulemba mzere wa choko kumapeto kwa ekizozi, wina pa chitsulo cha thupi la galimoto, mizere iwiriyo moyang'anizana. Anapempha dalaivala kuti akafike pa boma n'kubwerera. Atabwera tinalowanso pansi, nkhope zikuwawuka ndi kutentha. Mizere ija inali itasiyana, pafupifupi kunenepa kwa chala changa chaching'ono. Anati, "Waona? Chitsulo chikatentha chimakula, chikazizira chimabwerera. Ukachimana kopita chimadzipezera chokha, ndipo sichikufunsa pong'ambikira. Kanthu kofewa unataya kudzala kaja ndi kamene kamasunga zolimba zonsezi." Potuluka anandimenya pa phewa n'kundiponyera mwambi uja woti ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ndinapita kudzala kukafuna fulekisi ija, ndinaipeza mbuzi zitaipondaponda.

Ndiye chomvera choyamba, Tiyamike. Kumeneko ukakaona mpata pakati pa zitsulo, bowo lalitali pomwe iwe ukuyembekezera lozungulira, kachitsulo kooneka kopepuka pakati pa zinthu zolemera, usakathamangire kukonza. Amene anasiya mpatawo sanaiwale. Funsa kaye kuti chinthuchi chikatentha chimalowera kuti. Manja ako ndi anga, ndimawadziwa. Ndakuona ukumanga nati mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, n'kuwonjezeranso paipi ku sipanala kuti ulimbitse bwino. Unatengera ine, ndipo ndi chifukwa chake ndikuopa.

Usaganize kuti nditapsa pamenepo ndinachenjera nthawi yomweyo. Ndinangolumphira mbali ina. Ndinayamba kuopa kulimbitsa chilichonse. Chaka chotsatira anabwera mayi wina wa kwa Nthache, mwini lole yonyamula manachesi, ekizozi ikugogoda pansi. Ndinaimangirira ndi malamba odula ku tayala lakale, kutsogolo, pakati ndi kumbuyo, zonse zolendewera, ndikudziuza kuti ndaipatsa malo. Mabawuti ndinangowagwiritsa pang'ono. Msewu wa kwa Nthache ukuudziwa, mabampu okhaokha. Sanafike n'komwe kumunda. Ekizozi yonse inapululuka n'kutsala pamsewu, lole n'kuiponda ndi matayala akumbuyo. Mayi aja anaibweretsa pa njinga ya kabaza itaphwatalala ngati chiwaya, ndipo pakamwa pawo sipanali ngati pa a Joakimu. Anandiimika pamaso pa anthu n'kundifunsa kuti, "Kodi inu ndi makaniko kapena oyanika zovala?" A Kachingwe atamva anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandiuza kuti paipi imafuna pamodzi pogwira zolimba, posasuntha ngakhale pang'ono, kuti kwinako kukhale koyenda. Ukaimasula ponseponse imagwa.

Ndikutero kuti usakamve molakwa. Sindikuti uzikalekerera zinthu. Pali pomanga zolimba, pali posiya mpata, ndipo ntchito yonse ya makaniko ndi kudziwa kuti apa ndi pati, apo ndi pati. Ine ndinalibe buku, ndinkaphunzira pa magalimoto a eni. Iwe ukakhala ndi buku la injini iliyonse, ndipo unandiuza kuti kuli sipanala ija imalira kuti kha ikafika pa muyeso. Ikalira, siya. Usakawonjezere kamodzi ka chikondi kaja timawonjezera kuno. Pali mabawuti ena a ekizozi okhala ndi masipuling'i, unawaonapo pa galaja. Ndinkawamanga mpaka sipuling'i kufinyika kutheratu, ndikuyesa kuti ndikuchitira mwini galimoto zabwino. Sipuling'i yofinyika kutheratu yasiya kukhala sipuling'i, changokhala chitsulo wamba. Ndinawononga angapo ndisanazindikire, ndipo eni ake sanadziwe kuti wowononga ndine.

Chomvera chachiwiri ndi cha ti, ti, ti uja. Tsiku lidzafika, ndikulumbira, lomwe udzamaliza ntchito, akuluakulu atakuyamikira, iwe n'kukumbuka kuti nati imodzi sunaiyese, kapena kachitsulo kena kakugwera m'kati ndipo sukukaona. Udzaona anzako akuvula maovolosi, ndege ikudikira, ndipo udzaganiza za momwe akuyang'anire, mtsikana, mlendo, wochokera kumudzi wa pa boda. Pamenepo ukatsegule pakamwa. Ukanene kuti, "Dikirani, ndikukayika." Akakuseka, akuseke. Akakukalipira, umve. Usakasayine dzina lako pa ntchito yomwe maso ako sanaione ndi manja ako sanaigwire, ngakhale wokuuza kuti usayine akhale wa imvi. A Joakimu anali ndi mchenga m'mbali mwa msewu, anali ndi poimika. Kumwamba kulibe poimika, ndipo m'ndege simukhala munthu mmodzi ndi matumba a tiyi. Manyazi a mphindi zisanu amene ndinawathawa tsiku lija ndakhala nawo zaka zoposa makumi awiri.

Za masowa nazonso ndi kulakwa kwanga, usamanamizire ukalamba. Galasi lakuda la chishango changa chotchingira maso powotcherera linasweka iwe usanayambe sukulu. M'malo mogula lina ndinkangotsinzina moto ukamathetheka, kenako n'kusuzumira pang'ono. Nthawi zina ndinkavala magalasi a dzuwa ogula pa msika. Anzanga onse ankatero, ndipo wovala chishango tinkamuseka kuti ndi wa ku sukulu. Maso akayamba kuwawa ngati muli mchenga, amayi ako ankandiika timagawo ta mbatatesi pa zikope, m'mawa ine n'kudzuka kuti ndachira. Iwe utakula unandigulira chishango chatsopano, ndinachipachika pa msomali kuti chimandichedwetsa. Chikadali pomwepo, chagwira fumbi. Ndiye kumeneko akakakupatsa zotseka m'makutu, magalasi, magolovesi, nsapato zolemera, ukavale zonse tsiku lililonse, ngakhale ntchito ikhale ya mphindi imodzi. Injini ya ndege imagonthetsa munthu pang'onopang'ono, iye akuti ndazolowera. Amene akakuseke kuti ndiwe wamantha, ukamuuze kuti kwanu kuli bambo wolimba mtima amene saona nkhope ya mwana wake pokhapokha atayandikira.

Tsopano ndifike pa cholakwa chachikulu, chimene chandikhazika pa tayala pano. Sichokhudza galimoto. Titangokwatirana, iwe usanabadwe, amayi ako analandira kalata yowaitana ku sukulu ya uphunzitsi ku Blantyre. Anabwera nayo kuno ku galaja akuthamanga, chitenje chili m'manja. Ine ndinali pansi pa galimoto. Sindinatuluke n'komwe. Ndinayankhula ndili chigonere kuti, "Mkazi wanga sakagona kunja kwa nyumba yanga zaka ziwiri. Mukafuna sukulu, musankhe." Ndinkati ndikumanga banja. Ndinkaopa kuti akaphunzira adzandiona wochepa, munthu wa girizi, ndipo ndinkaganiza kuti chomwe wachigwira zolimba sichingakuthawe. Sanakangane nane. Ndinangoona mapazi awo akutembenuka n'kumapita pang'onopang'ono. Banja silinathe, ukuliona lilipo. Koma amayi ako amene iwe ukuwadziwa, ofatsa, oyankha mawu awiri, si amene ndinawakwatira. Amene ndinawakwatira ankaimba potunga madzi, ankandiwerengera nyuzi mokweza n'kumatsutsana nayo. Zonsezo zinazima chaka chomwecho. M'mawa aphunzitsi akamadutsa pamsewu kupita ku sukulu, iwo amatenga tsache n'kukasesa kuseri kwa nyumba, ndipo ndakhala ndikuona zimenezi n'kumayesa ngati sindikuona. Ine sindinathyoke, monga ananenera a Kachingwe za weledi ija. Chinathyoka ndi choyandikana nane.

Dzulo madzulo, iwe utamasula chikwama n'kupita kwa anzako, amayi ako anatsegula sutikesi yawo yachitsulo. Anabwera ku galaja n'kuika pepala pa tebulo, pomwe paja a Joakimu anakhuthulira paipi. Linali lofiirira, lothetheka m'mapindiro. Ndinaliyandikiza kumaso koma zilembo sindinazione. Ndinati, "Ndi chiyani ichi?" Sanalitenge. Anayamba kulinena pamtima, kuyambira tsiku, dzina lawo la kwawo, mpaka mndandanda wa zofunika kubweretsa ku sukulu ya uphunzitsi ija: mabulangete awiri, ndowa, mbale, kapu. Sanaphonye liwu ngakhale limodzi. Atamaliza anati, "Ine ndinakhala chifukwa munandiletsa. Uyu akhala chifukwa mukumumvetsa chisoni. Kusiyana kwake ine sindikukuona." Anatenga pepala lawo n'kubwerera kunyumba. Tiyamike, ndakhalapo ndi manyazi m'moyo, koma dzulo ndinalira, ndipo sindikubisa.

Amanena zoona. Pakamwa ndinkati pita, mwana wanga, pita, koma ndinkakondwa mumtima ukamandiwerengera manambala a masipanala, ukamandilozera pomwe pali mng'alu, ukamamaliza weledi yomwe ine ndaiphonya. Ndinkakana chipatala ndikudziwa bwino kuti ukaona ndikupapasa zida sungachoke. Sindinakuletse ndi mawu, koma ndinakumanga ndithu. Ndipo chipatalacho ndinkachikana chifukwa cha mantha, osati chifukwa cha ntchito yambiri monga ndinkanenera. Ndimaopa mpeni m'diso. Ndimaopa kuti adokotala adzati musadzagwirenso makina, ndiye ine ndidzakhala ndani pa boda pano? Manthawo sanathe. Koma mantha anga asadyenso munthu wachiwiri m'nyumba muno.

Choncho imva zomwe ndachita, osati zomwe ndikulonjeza, poti malonjezo anga a chipatala unatopa nawo. Lero m'mawa, iwe ukuganiza kuti tapita kumunda, ine ndi amayi ako tinali pa mzere ku chipatala pa boma. Andiyeza, andiwalitsa tochi m'maso, andipatsa kalata yopita nayo kwa adokotala a maso ku Blantyre. Ili m'thumba la jekete langa, ukafuna kaione. Sananene kuti ndichira, sananenenso kuti sindichira, anati akaone a kumeneko. Makina owotcherera ndawapereka kwa amalume ako a Lameki, abwera ndi wilibala masana ano n'kuwatenga, ndipo ndawauza pamaso pa amayi ako kuti asandibwezere ngakhale nditawapempha chogwada, kufikira adokotala atalola. Galaja ndatseka. Ndiye ukati ukhala kuti uzigwira ntchito m'malo mwanga, uzikagwira ndi chiyani? Za kudya usade nazo nkhawa. Manachesi abereka, nkhuku zilipo, ndipo amayi ako akhala akuyendetsa nyumba ino kuyambira kale, ine ndinkangotchuka dzina.

Ukakafika, uzikaimba foni Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Osati tsiku lililonse, ungamakhale thupi kumeneko mtima kuno, mapanga awiri avumbwitsa. Koma Lamulungu lisamadutse, zivute zitani. Pamenepo ndiye pogwira zolimba pathu, kwinako yenda. Ukamva mphekesera kuti bambo ako adwala, usakathamangire kugula tikiti, funsa amayi ako, iwo sanama ngati ine. Ukakhala ndi anzako a mitundu ina, idya zomwe akudya, phunzira moni wawo, usamati kwathu sititero pa chilichonse. Pa chilichonse chimene sukudziwa funsa, ngakhale wofunsidwayo akhale wamng'ono kwa iwe, poti safunsa anadya phula. Ndipo amuna a kumeneko, amene adzakuuze kuti usankhe pakati pa iye ndi sukulu, ukadziwe kuti wakumana ndi bambo ako ali mnyamata. Ukamuuze kuti apite bwino.

Ndikudziwa kuti udzabwera utasintha. Udzayankhula zina zomwe sitidzamva, mwina nyumba ino idzakuchepera, mwina udzandiuza kuti zomwe ndakulembera panozi zina ndi zolakwa. Usadzadzichepetse kuti ukwane pomwe unachoka. Kusuntha kudzakhala kwa ife, ndipo ine ndayamba kale kuphunzira, mochedwa momwemu. Ndafunsanso amayi ako ngati sukulu za akuluakulu zija zikadalipo pa boma. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Tiyambe taperekeza mwana." Sanakane, ndipo kwa amayi ako kusakana ndi nkhani yaikulu.

Chikwama chako achilongedzanso, usavutike kuchimasula, amanga ndi mfundo zawo zija. Pansi pa zovala ukapeza kachitsulo kozungulira ngati chibangili, kokulungidwa m'kansalu. Ndadula ndi sowo ku paipi ya a Joakimu, yomwe yakhala pansi pa tebulo langa zaka zonsezi. Mbali imodzi kali ndi weledi yanga, yokongola mpaka lero, mbali inayo ndi pomwe panang'ambika. Ndinafuna kukaika m'kachikwama ka m'manja koma amayi ako akuti a pa bwalo la ndege angakulande, ndiye kali m'chachikulu. Ukakaike m'bokosi lako la zida. Tsiku lomwe akakuyamikire kwambiri, ukakatulutse n'kukayang'ana mbali zonse ziwiri.

Dzuwa lapendeka, mizere yayamba kundisokonekera, ndiye ndilekere pano. Ndalankhula ndi kondakitala wa minibasi yoyamba, watisungira mipando itatu: wako, wa amayi ako, ndi wanga. Mawa masana udzandiona ndi maso ako ndikulowa kwa adokotala, tikagona kwa azakhali ako ku Chirimba, mkuja tikakuperekeza. Ukaumirira kukhala, ine ndikwerabe, ndipo udzatsala wekha kulondera galaja yotseka. Koma sukhala, ndikukudziwa, ndiwe mwana wa amayi ako aja ankathamanga ndi kalata m'manja.

Tinyamuka sikisi koloko pa siteji. Nthawi imeneyo kumakhala kusanayere bwino, ndipo popondera pa minibasi sindipaonanso. Udzandigwire dzanja pokwera. Dzanja lakolo ndikalisiya ndekha pa Chileka.

Ndine bambo ako,
amene anaphunzira mochedwa.